Mwendo wa Subilaga Ukudikira Khasu

Mbeya,
Lamulungu masana.

Mwana wanga Lwitiko,

Landira moni kuchokera kwa ine mayi ako. Uli bwanji kumeneko ku Kahama? Chifuwa chija unkati ndi fumbi la kumgodi chinaleka? Nanga mpongozi wanga ndi ana awiriwo akudzuka bwanji? Ine ndilipo. Mawondo akulira monga mwa masiku onse, koma ndikuyenda. Kumudzi ku Tukuyu mvula yayamba, nthochi zawerama ndi mikoko, ndipo ng'ombe yakuda ija yabereka thole.

Za mwana wako woyamba, Subilaga, sindingazinene mumzere wa moni. Uwerenge mpaka kumapeto, utakhala pansi.

Ndasankha pepala chifukwa pa foni umandithawa. Ndikangotchula mwendo, mawu amayamba kudukaduka kumbali yako, kenako zii. Pepala silidukaduka. Kalatayi ndiipereka kwa kondakitala wa basi ya mawa m'mawa, ndipo ndimuuza kuti aisiye m'manja mwako, osati kwa mlonda wa pageti.

Zambiri wazimva kudzera pakamwa pa bambo ako aang'ono a Nsubisi. Tsopano uzimve mwa dongosolo lake, kuchokera kwa amene anali pomwepo.

Bondo linayamba kuwawa nyengo yokolola mapeyala. Ukudziwa kuti kuntchito kwake kosankha ndi kulongedza mapeyala amaimirira tsiku lonse, ndiponso amasewera mpira wamanja ndi anzake. Tonse tinati wangobinya. Ndinamuthowa ndi madzi otentha. Koma kutupako sikunkaphwa, ndiye ndinatenga tepi yanga yoyezera nsalu n'kuyeza mawondo onse awiri. Lamanzere linkaposa lamanja ndi masentimita atatu. Nditayezanso, asanu. Atafika asanu ndi atatu ndinamuuza kuti avale, tikupita ku Mbeya.

Kuchipatala chachikulu anamujambula, kenako anatapa kanyama pafupa kukayeza. Tsiku la zotsatira dokotala wake, mayi wachitsikana ndithu, anandikodola kuti ndilowe ndekha, poganiza kuti nkhani zotere amayamba kumva ndi wamkulu. Subi anaimirira ndi ndodo yake n'kunena kuti mwendo ndi wake, auzidwe iyeyo, agogo angokhala mboni. Dokotala anapepesa, tinalowa tonse.

Anati ndi khansa ya m'fupa. Anati mapapo akadali oyera, ndipo mwayi wathu ndi umenewo. Njira yake ndi kudula mwendo pamwamba pa bondo, kenako mankhwala a m'diripi kwa miyezi ingapo. Tikachedwa matendawo amasamukira m'mapapo, ndipo kumeneko mpeni sufikako.

Mwana wako sanalire. Anafunsa mafunso atatu: ngati tsitsi lidzathothoka, ngati adzatha kubereka, ndi ngati mwendo woikirira umavala nsapato wamba. Dokotala anayankha mosabisa. Tsitsi lidzapita koma limameranso. Za kubereka sangalonjeze. Nsapato, inde.

M'basi pobwerera anagula chimanga chowotcha pawindo, anachigwira m'manja mpaka kunyumba osalumako. Titafika anatulutsa nsapato zake zonse, mapeya asanu ndi awiri, n'kuyamba kuzichapa pakhonde, imodziimodzi. Ndinamusiya. Atamaliza anandifunsa ngati m'nyumba muli mtedza wokazinga. Tinadya, tsikulo linatha choncho. Ndinaona kuti mwanayu alimba, bola anthu amupatse mpata.

Anthu sanamupatse.

Ine ndinauza munthu mmodzi yekha, a Nsubisi, poti ndiwo akulu otsala pabanja la bambo ako ndipo mwambo umatero. M'mawa mwake bwalo linadzaza. Amayi anayala mphasa pakhonde atafunda zitenje kumutu. Abambo anakhala pamabenchi pansi pa mtengo wa mapeyala, zipewa zili pamawondo. Ndinawerenga mitu makumi anayi ndi itatu. Ena anabwera ndi nkhuni. Nkhuni, Lwitiko, ngati pamaliro. Mitolo isanu ndi umodzi, anaiunjika pafupi ndi khitchini, ndipo amayi akutchalitchi anayambitsa nyimbo zija timaimba poperekeza bokosi.

Mwana ali m'chipinda, wamoyo, akumvetsera maliro ake.

Aliyense wolowa kukamuona ankalowa ndi nkhani ya munthu amene anamwalira ndi khansa. Wina mlamu wake, wina mphunzitsi wa ku Kyela, wina mwana wa abusa. Ndinawerenga akufa khumi ndi mmodzi. Wochira sanatchulidwe ngakhale mmodzi. Mayi wina amene sindimulemba dzina anausa moyo n'kufunsa, Subi akumva, kuti kodi ndani adzakwatire mkazi wa mwendo umodzi.

Chakumasana Subi anatuluka. Anali atavala diresi lake lofiira, atapaka milomo. Anaima pakhomo ndi ndodo n'kufunsa mwaulemu wonse kuti, "Pepani amayi, ndachedwa kudzuka. Wamwalira ndani?" Nyimbo inathera pakati. Kenako anauza mayi uja kuti asavutike za ukwati, popeza amuna awo ali ndi miyendo iwiri yathunthu koma siiwafikitsa kunyumba. Ndinayenera kumudzudzula. Sindinatero.

Anthuwo anadya kaye asanapite: mikoko itatu ya nthochi ndi makilo awiri a shuga. Posinthana anatisiyira mabotolo. Ndinawandandalika pawindo, anakwana khumi ndi asanu ndi anayi. Madzi odalitsidwa, mafuta odzozera, mizu yonyika, makungwa owiritsa, phulusa losungunula, ndi lina limene mwini wake ananyadira kuti ndi mkodzo wa thole. Limodzi linkachita thovu lokha, osaligwedeza. Ndinakakhuthulira onse m'chimbudzi nditatseka mphuno, kupatula la uchi.

Loweruka lotsatira a Nsubisi anaitanitsa abale kuti tikambirane. Ukuwadziwa bambo ako aang'ono. Ndi munthu wansangala, sakalipa, amakana zinthu akuseka. Anakhala ndi mbale ya mbalaga, nthochi zophika ndi nyama, pamiyendo, akuyamwa mafupa, mafuta akutsikira kuchigongono. Ankamutchula Subi kuti mkazi wanga, monga amasewerera agogo ndi adzukulu, n'kumati mkazi wawo sangadulidwe ngati nyama ya pabutchala iwo ali moyo.

Mfundo zawo zinali ziwiri. Anati pabanja pano palibe amene anapita kwa makolo ali zidutswazidutswa. Anatinso m'nthochi zathu, kumene kwagona bambo ako ndi enawo, sitikumba dzenje la munthu wamoyo, ngakhale lokwiriramo mwendo wokha, chifukwa dzenje likatsegulidwa limaitana mwini wake.

Ndinawakumbutsa kuti akulu awo, amuna anga, anapita akusowa mano asanu ndi anayi ndi chala chimodzi chimene chinatsala m'makina a tiyi, ndipo makolo sanawabweze. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Alamu, sukulu yanuyi inakuwonongani. Awa si masamu." Kenako anapukuta dzanja pathalauza, anatulutsa foni n'kukuimbira iwe. Anakweza mawu kuti tonse timve.

Ukukumbuka zimene unanena? Ine ndikukumbuka. Unati zimene anene bambo ndi zomwezo, iwe uli kutali. Unafunsa ngati mvula yayamba. Sunapemphe kuyankhula ndi mwana wako. Iye anali pamphasa pafupi ndi chitseko, mwendo atautambasula, ndipo anamva zonse. Ndinakubala ndine, ndinakusambitsa ndine, koma tsiku limenelo ndinanyansidwa nawe kuposa mabotolo aja.

Anthu atabalalika ndinamuuza Subi kuti ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, lamulo limamulola kusaina yekha, safunika chilolezo cha a Nsubisi kapena chako. Anati akudziwa. Kenako anandiuza chimene ine sindinkadziwa, kuti tsiku lija kuchipatala anafunsa namwino kumene mwendo wodulidwa umapita. Namwino anamuuza kuti njira ndi ziwiri. Abale amautenga kukaukwirira kwawo, apo ayi amauwotcha m'ng'anjo ya chipatala pamodzi ndi thonje lamagazi ndi mabandeji.

Anati kudulidwa wavomera kale mumtima, koma kuwotchedwa ndi zinyalala ayi. Akufuna mwendowo ukagone kwathu, pafupi ndi manda a malemu mayi ake, kuti iye akadzabwera, kaya ndi chaka chamawa kaya ali ndi imvi, adzaupeze. Malowo ndi ako, anakusiyira bambo ako, ndipo khasu loyamba pamalo otero limakhala la mwini nyumba. Anati bambo akangovomera, asaina tsiku lomwelo.

Ndikuuze zoona, nayenso ndinamukwiyira. Mwana wophunzira, kuika moyo wake pachiswe chifukwa cha dzenje. Ndinamuuza kuti mwendo ukadulidwa ndi nyama basi, sumva moto. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mukutero chifukwa yanu ilipo iwiri, agogo."

Ndinamufunsa kuti bwanji osakuimbira yekha. Anati akaimba n'kumva foni ikuduka ngati mmene imandidukira ine, sadzakuimbiranso moyo wake wonse, ndiye bola asayese.

Choncho ndinapita ndine kwa a Nsubisi. Ndinanyamula nkhuku yaikazi yonenepa, ndinagwada pabwalo pawo ndi mawondo angawa, ngati mtsikana amene waswa mtsuko. Ndinapempha kuti atilole, ngakhale kumapeto kwa munda. Ananditukula mokoma mtima, anayamikira nkhukuyo kulemera kwake, n'kunena kuti nthaka ndi nthaka, kumapeto kapena pakati. Nkhuku analandira. Pobwerera ndinkadzinyansa ndekha njira yonse, ndipo chitenje chimene ndinagwadira sindinachivalenso.

Tinakhala choncho, kudikira. Subi ankakhalira foni, kuwerenga za matenda ake. Tsiku lina anandiuza kuti wawerenga kuti mwa anthu khumi alionse ena amachira, ena ayi, ndiye ine mphunzitsi wa masamu ndimuuze kuti iye ali mbali iti. Ndinati masamu amanena za gulu, sanena za munthu mmodzi. Anati nanga ntchito yake n'chiyani. Kuyambira pamenepo anakana kuti ndiziyeza bondo. Anati manambala anga amamusowetsa tulo kuposa ululu.

Kenako kunachitika chimene a Nsubisi sanakuuze. Tsiku lina ndinapita m'tauni kukagula mapiritsi a ululu. Iwo anabwera ndi bambo wina wa ku Ileje, wa chikwama chachikopa ndi lezala. Anamuuza Subi kuti ameneyu wachiritsa ambiri popanda kudula. Usamuweruze mwanayo chifukwa cholola. Munthu amene wauzidwa kuti mwendo wake ukupita amamvera aliyense amene wanena kuti ukhala.

Nditabwerako ndinapeza mphini makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi pachotupa chija, zitapakidwa zakuda ngati mwaye. Lezalalo analisiya m'mbale yanga yodyera, dzimbiri lili m'mbali.

Mphinizo sizinapole. Zinalumikizana n'kukhala chilonda chimodzi, ndipo chilondacho chinatseguka ngati papaya logwa mumtengo. Fungo lake sindingathe kulilemba. Linalowa m'makatani, m'zovala za m'sutikesi, ngakhale m'tiyi. Ntchentche zinkadikira pawindo. Ndinkachitsuka ndi madzi amchere m'mawa ndi madzulo, nkhope nditaiumitsa kuti asaone kanthu, kenako ndinkazungulira kuseri kwa khitchini kukasanza.

Alendo aja anatha. Pa makumi anayi ndi atatu panatsala awiri, Twitike ndi Rehema, anzake akuntchito. Amenewo ankabwera Lamulungu ndi miseche ya kuntchito, n'kukhala pabedi pomwepo osatseka mphuno, mpaka mwana wako aseke. Mulungu awadalitse atsikana amenewo. A Nsubisi ankalonjera ali pabwalo, mpango uli pamphuno, n'kumati mankhwala akugwira ntchito, zoipa zikutuluka. M'nyumba sanalowenso kudzaona mkazi wawo uja.

Subi ankakuta mwendowo ndi zitenje ziwiri n'kumapopera mafuta onunkhira. Anasiya kudya nane patebulo. Tsiku lina ndikumumanga bandeji anandipepesa chifukwa cha fungo. Iyeyo kupepesa ine. Pa anthu onse oyenera kupepesa pankhaniyi, amene wapepesa ndi yekhayo amene sanalakwe. M'mawa mwake ndinaitanitsa galimoto, tinabwerera kuno ku Mbeya osatsanzika aliyense.

Dokotala uja atavundukula sanatikalipire. Anangofunsa kuti achita zimenezi ndani, ndinati abale. Anagwedeza mutu ngati munthu amene waziona kambiri. Anamujambulanso pachifuwa. Mapapo akadali oyera, koma anati za mwezi wamawa sangalumbire, ndipo chilondachi pachokha chikhoza kuwononga magazi. Anati Lachisanu kufiyeta, kochitira opaleshoni, kuli malo.

Subi anangondifunsa kuti bambo aimba? Ndinakuimbira Lachitatu. Unayankha, ndinatchula mwendo, mawu anaduka.

Tsopano ndafika pa chimene ndalembera kalatayi.

Lachinayi m'mawa ndinatuluka muwodi n'kukaima pakhonde, pawindo pamene Subi amatha kundiona ali pabedi. Ndinaika foni kukhutu. Inali yozimitsa. Ndinayendetsa milomo, ndinagwedeza mutu, mpaka ndinasekako pang'ono ngati munthu amene wamva zabwino. Kenako ndinalowa n'kumuuza kuti bambo ake avomera.

Ndaphunzitsa masamu zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo sindinamuwonjezerepo malikisi mwana wa munthu. M'mawa umenewo ndinanama kasanu motsatizana. Ndinati wavomera. Anafunsa kuti akumba ndani, ndinati iwe mwini, ukubwera. Anafunsa za a Nsubisi, ndinati wanena kuti uthana nawo wekha. Anatenga foni kuti akuthokoze, ndinati walowa kale pansi kumgodi, kumeneko salola mafoni. Kenako anafunsa motsitsa mawu ngati unanenapo china chokhudza iyeyo. Ndinati wati umanyadira mwana wako.

Bodza lomalizali ndi limene linamuliritsa. Chiyambire matendawa ndinali ndisanamuone akulira, ngakhale tsiku la lezala. Analira atagwira dzanja langa, ine nkhope ili gwa. Atapukuta maso anaitana namwino n'kusaina.

Mwendo anadula Lachisanu, Lwitiko. Mwana wako ali moyo.

Anatsitsimuka madzulo ake. Thupi silinatenthe. Dzulo anamwa masupuni asanu a phala, lero wamaliza theka la mbale ya mpunga ndi nyemba. Akuti zala za kuphazi limene kulibe zikumuyabwa, ndipo wandipempha kuti ndimukande pamatiresi, popanda kanthu. Ndakanda. Wati ndaphonya, ndikwereko pang'ono. Mayi wa bedi loyandikana naye waseka mpaka namwino kubwera kudzaona. Fungo lija latha. Pamene bulangeti laphwa ine ndimayang'ana kumbali, koma iye amayang'anitsitsa osaphethira, ngati akuloweza.

Mwendowo uli kumochale, m'chipinda chozizira. Ndinapitako ndekha kukaona ngati aukulunga bwino ndi kulembapo dzina lake. Bambo wa kumeneko wati amasunga mpaka Loweruka likubwerali. Likadutsa, ng'anjo. Ndagula nsalu yoyera mamita awiri, ndipo kalipentala wa pafupi ndi geti akukhoma kabokosi. Muyeso ndinamupatsa ndine.

Lero m'mawa, anthu atapita kumapemphero, ndinakhala pambali pa bedi lake nditatsimikiza kumuuza zoona. Ndinangokonza pakhosi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Agogo, nkhope imeneyo ndimaidziwa. Chimene mukufuna kunenacho chisungeni mpaka Loweruka." Kenako anatembenukira kukhoma. Foni yake ili pansi pa pilo, yodzaza moto, koma chidulidwireni sanayese kukuimbira. Kaya akudziwa, kaya akungokayikira, sindinafunse. Chimene ndamva ine n'chakuti wakupatsa mpaka Loweruka.

Sindikunena kuti ndiwe bambo woipa. Mayi ake atamwalira unabwera naye kwa ine utamubereka kumbuyo ndi chitenje, mwamuna wamkulu, anthu akukuseka, chifukwa ankakana kutsika. Sukulu yake sinaimepo ngakhale teremu imodzi. Zimenezo ndimazinena pagulu ndipo ndidzazinenabe. Koma kuyambira pamene unapita kutali unazolowera kuti nkhani zolemera za kwathu azikunyamulira ndi a Nsubisi. Iyi sangakunyamulire. Mwana si wawo.

Ndiye pempho langa ndi ili. Kalatayi ikufika Lachiwiri. Ukapemphe tchuthi kwa abwana ako tsiku lomwelo. Uwauze kuti mwana wako wadulidwa mwendo, palibe bwana amene angakukanize. Ukakwera Lachitatu ufika kuno Lachisanu lisanathe, ngakhale basi itafera panjira. Uyambe wafika kuwodi. Usapite kaye kumudzi, ndipo usaimbire a Nsubisi kuti akuuze maganizo ako. Ukhale pampando pafupi ndi mwana wako, uyang'ane pamene bulangeti laphwa, ndipo mawu aja ndinakunenera ine uwanene wekha ngati ali oona. Ngati si oona ukhale chete, koma ukhalepo.

Loweruka tinyamule kabokosiko tipite nako ku Tukuyu, ukakumbe.

Sindikukunamiza kuti n'zopepuka. A Nsubisi sakudziwa kuti mwendo wadulidwa, ndipo akadzamva adzasiya kuseka. Dokotala sanalonjeze kuti Subi achira. Wangoti mwayi ulipo. Mankhwala a m'diripi akubwera, adzasanza, adzaonda, tsitsi lidzapita. Zikadzakanika, anthu akwathu sadzanena kuti ndi khansa, sadzatchula lezala. Adzati ndi dzenje lija, adzati ndi ine ndi iwe. Mwina iwe mwini ukuopa zomwezo, n'chifukwa chake foni imaduka. Ngati ndi mantha, ndikumvetsa. Nanenso ndinakulira m'nthochi zomwezo ndipo sukulu sinachotse zonse. Koma gawo langa la mlanduwo ndalilandira kale. Lako likukudikira.

Ukapanda kubwera, mwendowo sudzapsa. Ndidzakumba ndine. Ndine mkazi, ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi, ndipo mudzi wonse udzaima m'malire kundionerera utagwira pakamwa. Nthaka yafewa ndi mvulayi, ndidzamaliza. Zimenezo sizikundiopsa.

Chondiopsa ndi Lamulungu, ndikadzabwerera kuwodi. Adzandifunsa kuti wakumba ndani. Ndipo ine kunama ndasiya, Lwitiko. Ndidzamuonetsa matuza m'manja mwangamu.

Undiperekere moni kwa mpongozi wanga, umuuze kuti kalatayi akhoza kuiwerenga, mulibe chimene ndikumubisira. Ana uwauze kuti agogo akuwakumbuka, ndiponso kuti mkulu wawo wawafunsa dzulo, aliyense ndi dzina lake. Mulungu akusunge pansi pamene umagwira ntchitopo, akusungenso pamsewu.

Khasu lili kuseri kwa chitseko cha khitchini. Mpini wake ndi watsopano.

Ndine mayi ako,
Tupokigwe Mwakatobe